Mfumu Nsefu, Norman Carr ndi Mbalame za ku Luangwa

Kodi inu acinyamata anzanga a kuno kum'mawa, ndi angati mwa inu amene anafikako ku Mfuwe? Kucokera ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130 cabe. Alendo amaoloka nyanja ndi ndeke kudzaona South Luangwa, koma ambiri a ife nkhwazi timaidziwira pa mbendera. Mverani tsono m'mene malo aja anayambira, cifukwa mwini nkhaniyi ndi munthu wakwathu.

Cigwa ca Luangwa ndi kwao kwa Akunda, Abisa ndi Asenga. Iwo anali kusaka nyama ndi kupha nsomba kumeneko kuyambira kale. Mu 1938 boma la atsamunda linapatula dera lalikulu kumadzulo kwa mtsinje kuti likhale losungirako nyama. Kwa munthu wa pamudzi lamulo limeneli linali lowawa. Njobvu ikadya mapira ake usiku, iye analibe konena. Iye akapha nswala ya ndiwo, anali wamlandu.

Pa nthawi yomweyo m'cigwamo munali kugwira nchito mnyamata wina wacizungu, Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde, ku Mozambique, mu 1912. Nchito yake inali kuombera njobvu zoononga minda, ndipo anapha zambiri ndithu. Tisamuyese mngelo ai. Koma poyenda m'midzi anaona cinthu cimene akulu-akulu a boma sanali kuona: munthu sangasunge nyama imene imangomubweretsera njala.

Mu 1950 Carr anakambirana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda. Mfumu inabvomera kupatula mbali ya dziko lake, kum'mawa kwa mtsinje, kuti musakhale kusaka. Anamangamo msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo anali kulipira zinali kupita kwa Akunda eni ake. Taganizani kulimba mtima kwa mfumuyo. Inayenera kuuza alenje ake kuti aike pansi mfuti zao za gogodela, pokhulupirira kuti kudzabwera anthu olipira ndalama kuti angoyang'ana nyama ndi kubwerera kwao manja lende. Sindikayika kuti ena pabwalo anaseka. Mabuku a alendo amachula dzina la Carr pa tsamba lililonse, koma dziko linali la Nsefu, ndipo akanakana iye sipakanakhala kanthu.

Carr ndiyenso anayambitsa zoyenda pansi m'thengo ndi alendo, m'malo mowanyamula pa galimoto. Anthu oyenda sapitirira ocepa, amandandalika mzere umodzi, kutsogolo kuli msilikali wa zanyama ndi mfuti. Woyenda pansi amaphunzira mapazi a fisi ndi a nyalugwe, ndowe za njati, ndi kulira kwa mbalame kocenjeza kuti pafupi pali coopsa. Mwambo umenewu unayambira ku Luangwa ndipo unafalikira ku maiko ena a mu Africa.

Mu 1972 dziko lathu linakhazikitsa South Luangwa National Park, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, ndipo dera la Nsefu linalowetsedwa momwemo. Pofika nthawi imeneyi ndalama zija zinali kupita ku boma. Ine ndiona kuti pamenepa panatayika cinthu cacikulu.

Zimene zinatsatira n'zomvetsa cisoni. M'zaka za m'ma 1960 njobvu zinali zocuruka kotero kuti boma linali kuzipha dala kuti zisamalize mitengo. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975, umphawi unakula, mtengo wa minyanga kunja unakwera, ndipo opha nyama mozemba analowa m'cigwa ndi mfuti za nkhondo. Njobvu zikwi-zikwi zinatha. Cipembere, cimene cinalipo cambiri, cinatheratu, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti mu Zambia monse mulibenso ngakhale cimodzi. Zisanu zoyamba kubweranso zinacokera ku South Africa mu 2003, ndipo anazipititsa ku North Luangwa. Anthu a m'midzi anali kuona okupha aja akudutsa. Nanga akanauziranji boma, pamene nyamazo sizinalinso zao? Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayambitsa makonzedwe monga ADMADE, obwezera gawo la ndalama za nyama ku midzi. Kunali kubwerera ku nzeru ya Nsefu ija patapita zaka zoposa makumi atatu. Carr anamwalira mu 1997.

Mbalame zokha sizinasakidwe motero, ndipo mitundu yake kumeneko ndi yoposa 400. Ngati mufuna kupita ndi makolo ndi ang'ono anu, sankhani Sepitembala kapena Okotobala. Kumatentha koopsa, osanama, koma madzi amakhala ataphwa ndipo zamoyo zonse zimasonkhana ku mtsinje. Ndiyo nthawi imene afulagombe ofiira amabwera m'magulu a mazana-mazana kudzakumba mauna m'magombe a Luangwa ndi kuikiramo mazira. Gombe lonse limaoneka ngati lapakidwa utoto. M'matamanda otsala mudzaona avuwo ndi akakowa akulimbirana nsomba zotsekeredwa m'matope, nantchengwa ali pambali, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo. M'mamawa kwambiri mudzamva nang'omba. Agogo anu akakhalapo adzakuuzani maina ndi nthano za mbalamezi kuposa buku lililonse, conco musawasiye kunyumba.

Dziwani kuti ana aang'ono saloledwa kuyenda pansi mkati mwa paki, ndipo palibe munthu aloledwa kuyendamo wopanda msilikali wa zanyama. Ang'ono-ang'onowo angathe kuona zambiri ali pa galimoto, kapena ataima pa mlatho wa Luangwa pa cipata ca Mfuwe, pamene mvuu ndi ng'ona zimaonekera pansi pomwepo. Nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa pa cipata kusiyana ndi alendo akunja, tsono nyamulani ziphaso zanu. Mukafika, funsani njira ya ku dera la Nsefu. Msasa uja ulipobe pa gombe la mtsinje, ndipo ukali kuchedwa ndi dzina la mfumuyo.