Vinyo Wofiira: Mbiri ya Kukoma Kwake ndi Mphekesera Yoti Amateteza Mtima

Ku Chiradzulu, vinyo wakhala akudziwika kwambiri ngati chakumwa cha paguwa. Ansembe a chipani cha Montfort atatsegula mishoni ya Nguludi mu 1903, Misa inkafuna vinyo wa mphesa, pamene m'midzi anthu ankafulula masese. Ku Mbombwe, m'busa John Chilembwe, yemwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ankaletsa akhristu ake kumwa mowa. Masiku ano vinyo wofiira amapezeka m'masitolo ndi pa maukwati, ndipo wambiri amachokera ku South Africa, komwe anayamba kufinya mphesa mu 1659.

Vinyo wofiira wolemera m'kamwa nthawi zambiri amakhala wosakaniza. Ku Bordeaux, m'dziko la France, amaphatikiza mphesa za Cabernet Sauvignon, zomwe zimaumitsa m'kamwa ngati nthochi yaiwisi, ndi za Merlot, zomwe zimafewetsa kuumako. Ku Cape amawonjezera Pinotage, mtundu womwe Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch cha m'ma 1925. Kuumako kumachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo migolo yamatabwa imawonjezera kafungo. Koma kulemera komwe akumwa amakukonda kumabweranso ndi ukali: vinyo wotere amafika pa 14 peresenti. Botolo limodzi la mamililita 750 limafanana ndi mabotolo ang'onoang'ono a mowa wa 5 peresenti pafupifupi 6.

Nanga zoti vinyoyu ndi mankhwala a mtima zinachokera kuti? Mu 1991, pulogalamu ya pa kanema ya 60 Minutes ku America inaulutsa maganizo a wasayansi Serge Renaud, oti anthu a ku France sadwala mtima kwambiri ngakhale amadya zamafuta, mwina chifukwa cha vinyo wofiira. Malonda ake anakwera zedi. Patapita zaka, ofufuza anapeza vuto: m'gulu la "osamwa" ankawerengeramo anthu omwe anasiya mowa chifukwa chodwala, choncho akumwa pang'ono ankaoneka ngati athanzi. Komanso bungwe la IARC linali litaika kale zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1988. Mu Januwale 2023, bungwe la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa womwe uli wosaopsa.

Mbiriyi ikukhudza ntchito ya alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka. Chiradzulu ndi boma lomwe bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndipo ambiri mwa omwe anapulumuka nthawi imeneyo tsopano ndi achikulire, msinkhu wa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wodwala akafunsidwa za mowa, mwina aganiza za kachasu ndi chibuku basi, vinyo n'kumusiya. N'chifukwa chake pofunsa pamafunika kutchula vinyo mwachindunji, kufunsa matambula angati pa sabata, ndi kufotokoza kuti womwa mankhwala a BP asamuyese vinyo chithandizo.