Miyala Yosemedwa Imene Khasu Limafukula

Mlimi akamalima, khasu lake limagunda miyala, iye naitaya kumalire a munda. Koma ina mwa miyalayi ndi zida za anthu akale amene sanadziwe chitsulo.

M'chaka cha 1797, pamudzi wa Hoxne ku England, anthu okumba dothi loumbira njerwa anali kupeza miyala yosongoka ya mtundu wotchedwa flint. Posadziwa kanthu, anathira madengu ambiri a miyalayi m'maenje a mumsewu. Koma John Frere ataiona, anazindikira kuti inasemedwa ndi manja a anthu. Lero akatswiri akuti zidazo zakhala zaka ngati 400,000.

Kodi chida chotere tingachidziwe bwanji? Mmisiri ankamenya mwala ndi mwala unzake, nabenthula tizidutswa takuthwa ngati mpeni. Kachidutswa kotere kali ndi posalala pamene panamenyedwapo, ndipo m'munsi mwake muli kotukuka pang'ono. Kawirikawiri mwala wosweka wokha ulibe zizindikiro zimenezi.

Kwathu kuno anthu akale ankasema miyala ina yolimba, monga nsangalabwi. M'zaka za 1965 ndi 1966, J. Desmond Clark anafukula zida zamiyala ndi mafupa a njovu kwa Mwanganda, ku Karonga.

Tsono inu owerenga, mukapeza mwala wotere m'munda mwanu, musautaye. Sungani malo ake m'mutu, ndipo mukauze a kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Pakuti zaka za chida zimadziwika ndi dothi limene chinagonamo. Malowo akaiwalika, mbiri yake yatayika.