Timitsinje ta ku Neno ndi malamulo otiteteza

Kumtunda kwa Neno, m'mapiri a Kirk cha kwa Dambe, kuli akasupe ndi timitsinje toti mwana angathe kulumpha. Timeneti nditimene timadzaza Wamkulumadzi ndi Lisungwi, mitsinje yothira mu Shire. Kale zotiteteza sizinali papepala: mfumu inkaletsa nkhwangwa pa kasupe ndi kumanda, ndipo anthu ankaopa.

Atsamunda anabwera ndi nkhalango zotetezedwa, monga ya Tsamba, kenaka lamulo la zachilengedwe la 1946 lokakamiza alimi kuunda mizere yopingasa ndi kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Nzeru yake inali yabwino, koma ankaiyendetsa ndi chindapusa ndi ndende. Anthu anadana nawo malimidwewo, moti ufulu utabwera mu 1964 ambiri anawataya limodzi ndi mtsamunda yemwe.

Nthawi yomweyo Shire anasanduka gwero la magetsi: malo opangira magetsi a Nkula anatsegulidwa mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Lamulo la madzi la 1969 linkasamala kwambiri za zilolezo zopatutsa madzi, osati komwe madziwo amachokera. Kumapiri mitengo inayamba kutha, matumba a makala nkumaima ndondondo mumsewu wa pa Zalewa, madimba nkufika pamadzi penipeni. Dothi lokokoloka limatsika ndi Wamkulumadzi kudutsa ku Majete nkukakhazikika m'damu la Kapichira. Mchenga ukadzaza damu, makina amafooka, ku Blantyre kuli bii. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula damulo, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130.

Malamulo sanasiye kubadwa. La nkhalango la 1997 linapatsa midzi mphamvu pa nkhalango zawo, ndipo mu 2020 zilango za makala zinakhwimitsidwa. La madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority ndi kutsegula njira ya makomiti osamalira madera omwe mitsinje imayambira. Pulogalamu ya chigwa cha Shire, yomwe inayamba mu 2012 ndi ndalama za World Bank, inasankha kumtunda kwa Lisungwi ndi Wamkulumadzi kukhala ena mwa malo oyamba kukonzedwa.

Komabe mlimi wa kachewere kwa Dambe amauzidwa kuti asiye dimba lake kuti magetsi ayake m'tauni, pamene iye akugona mumdima. Amene amapindula ndi madzi a Shire, kuyambira kampani yopanga magetsi ya EGENCO, ayenera kulipira midzi yosunga akasupewa. Popanda zimenezo, lamulo la 2013 lidzakanika monga linakanikira la 1946.