Galimoto ya nchito ku Lichinga

Galimoto zonse zimene timaziona pa msika wa Lichinga zinapangidwa kutali. Amene anazipanga sankadziwa matope athu ofiira kapena zitunda zathu. Koma tikaziyang'anitsitsa, tiona kuti pa iliyonse padutsa dzanja la mmisiri wa kuno. Pali mpanda wa zitsulo kumbuyo, bokosi la zida, lona ndi zingwe za mphira. Luso limeneli silinayambe dzulo. Tiyeni tione kumene linacokera.

Kale katundu yense wa ku Niassa ankayenda pamutu. Pa nthawi ya Companhia do Niassa, kampani imene inalamula cigawo cino mpaka 1929, makolo athu anali amtengatenga. Ankasenza mitolo, ndipo ankanyamula mzungu pa macila. Tawuni yathu inayamba mu 1931. Atsamunda anaipatsa dzina la Vila Cabral, potengera bwanamkubwa wawo José Cabral. Misewu yofika kuno inalimidwa ndi makasu, pa cibalo. Koma amene analima msewu sindiwo anakwera galimoto.

Galimoto ya nchito imene anthu akumudzi anayamba kuidziwa inali lole ya mwini kantina, Mpwitikizi kapena Mmwenye. Lole imeneyo inali ngati sitolo yoyenda. Popita kumudzi inkanyamula mcere, sopo, palafini, nsalu ndi makasu. Pobwera inkadzaza cimanga, nyemba ndi mtedza. Mpanda wake wa matabwa ankakhoma ndi akalipentala athu. Sikelo inali ya mwini lole, ndipo mtengo ankachula yekha. Munthu wakuda anali dalaivala kapena wothandiza. Wothandiza ankakhala pamwamba pa matumba, mvula ndi dzuwa zili zake. Lole ikalephera citunda, ankadumpha msanga n'kuika mwala kunsi kwa tayala. Mmisiri wa matabwa kapena womanga nyumba analibe galimoto. Zida zake ankazinyamula paphewa, ndipo wamwayi anali ndi njinga.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu Seputembala 1964. Kuno ku Niassa inayambira ku Cóbuè, m'mbali mwa nyanja. Misewu inadzaza mabomba okwirira, ndipo asilikali a atsamunda ankayala matumba a mcenga pansi pa malole awo kuti adziteteze. Mu 1969 sitima inafika ku Vila Cabral, itayenda makilomita 262 kucokera ku Nova Freixo, kumene lero timati Cuamba. Sitima inathandiza, koma inkathera pa siteshoni. Kucoka pamenepo kupita kumudzi pankafunikabe lole.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo tawuni inakhala Lichinga. Eni makantina ambiri anacoka. Ena anapita ndi malole awo, ena anawasiya ali owonongeka. Apa tinene zoona: lole imene inkatibera pa sikelo ndi yomweyo imene inkagula cimanga cathu. Itasowa, mlimi anakhala ndi nkhokwe yodzaza koma wopanda mcere ndi sopo. Boma linatsegula masitolo a Lojas do Povo. Mu 1981 linakhazikitsa AGRICOM kuti izigula mbewu, ndipo m'dziko munabwera malole a IFA ocokera ku East Germany. Koma malole anali ocepa, dizilo ankasowa, ndipo zitsulo zosinthira sizinkafika. Mbewu zinkaonongeka m'midzi pamene anthu a m'matawuni anali pa mzere wa cakudya.

Kenaka nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO inafika kuno. Galimoto zinkayenda pa mdipiti, asilikali ali patsogolo ndi pambuyo. Zambiri zinaochedwa panjira. Sitima inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo katundu wina ankafika pa ndege. Lichinga inakhala ngati cilumba.

Zaka zowawazo ndizo zinasula amakanika athu. Popeza kunalibe kogula citsulo catsopano, palibe cimene cinkatayidwa. Galimoto ziwiri kapena zitatu zakufa zinkabala imodzi yoyenda. Thanki ikadontha ankamata ndi sopo. Citsulo cikathyoka ankacimanga ndi waya mpaka kufika kwa woocherera. Ngakhale galimoto yotheratu inkagwirabe nchito. Osula ankatenga masipuling'i ake n'kusula nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni. Matayala ankasanduka nsapato, ndipo machubu ankadulidwa kukhala zingwe zomangira katundu. Acinyamata amene ankapatsira masipanala pa nthawi imeneyo ndiwo anadzaphunzitsa anzawo m'magalaja a pambuyo pake.

Mu 1987 boma linasintha malamulo a cuma, ndipo anthu anapeza mpata waukulu wocita malonda awoawo. Ku Maputo eni galimoto ankanyamula anthu pa mtengo wa mameticais 100. N'cifukwa cake galimoto zotere zinachedwa chapa cem, ndipo dzina loti chapa linafika mpaka kuno. Ndalama imeneyo pa metical yatsopano ya 2006 ndi masentavo 10 okha, osakwana ngakhale bokosi la macesi!

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma galimoto sizinabwere tsiku lomwelo. Coyamba kubwerera pa msewu cinali njinga, ndipo zambiri zinkalowera ku Mandimba kucokera ku Malawi. Amisiri anaziika keliyala ya zitsulo zomangira nyumba, yotha kusenza matumba a makala kapena mtolo wa matabwa. Anthu ambiri amene anadzagula galimoto anayamba ndi njinga yotere. Pang'onopang'ono kunayamba kufika galimoto zakale zocokera ku Japan, monga Toyota Hilux, Toyota Hiace ndi Mitsubishi Canter. Zinatiyenera cifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife. Kuyambira apo kalipentala, womanga nyumba ndi wogulitsa nsomba anayamba kukhala ndi galimoto yawoyawo, kapena kubwereka ya mnzawo pa mtengo wogwirizana.

Galimoto yotere ikafika, ulendo woyamba umakhala wa kwa woocherera. Aliyense amaikonza molingana ndi nchito yake. Kalipentala amafuna zitsulo ziwiri zopingasa pamwamba, cina kutsogolo cina kumbuyo, kuti matabwa aatali a paini asapindike. Womanga nyumba amayala matabwa pansi kuti njerwa ndi miyala zisaboole, ndipo amamangirira makwerero ndi wilibala kumbali. Simenti yake amaifunditsa lona, cifukwa thumba limodzi likanyowa ndiye kuti phindu la tsikulo lapita. Wogula usipa ku Metangula kapena ku Meponda amakweza mpanda kuti matumba ambiri alowe, poti usipa wouma ndi wopepuka koma umadya malo. Wonyamula nyemba ndi mbatata ya kacewere vuto lake ndi lina: katundu wake ndi wolemera, conco amaonjezera masipuling'i. Makanika woyendayenda amacotsa mipando ya kumbuyo m'galimoto yotseka, n'kukhomamo mashelefu. Bokosi la zida amaliocherera pansi n'kuikapo loko, cifukwa bokosi longoikidwa limacoka ndi wakuba.

Zina n'zofanana kwa onse. Wopita kutali satuluka opanda jeke, pampu, tayala lapadera, cigubu ca madzi ndi ca dizilo. Pa dzinja amaonjezera khasu, cikwanje ndi cingwe cokokera. Khasu ndi lokumbira tayala likatitimira, cikwanje n'codulira nthambi zoyala pa matope.

Pa nkhani ya masipuling'i, ife tili ndi mawu. Sipuling'i yoonjezera imanyamuladi katundu, koma mabuleki amakhala omwe aja a ku Japan. Lichinga ili pamwamba, mamita opitirira 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, pamene nyanja yathu ili pansi pa mamita 500. Wopita ku Metangula amatsika mtunda wonsewo. Galimoto yodzaza mopitirira ikamatsika, mabuleki amatentha, ndipo akatentha sagwira. Pamwamba pa matumba nthawi zambiri pamakhala anthu, amayi ndi ana awo. Mwini galimoto amati ulendo umodzi wodzaza umapulumutsa dizilo wa ulendo waciwiri. Kuwerengera kwakeko n'koona, koma sanawerengere anthu ali pamwambawo.

Njanji ya Cuamba inakonzedwanso ndipo sitima inabwerera mu 2016. Mu 2021 msewu wa Cuamba mpaka Lichinga, wa makilomita pafupifupi 300, unatha kuikidwa phula. Ulendo umene pa dzinja unkatha tsiku lonse kapena kupitirira unasanduka wa maola ocepa. Galimoto zotseka ndi zazifupi, zimene kale zikanasweka panjira, zinayamba kufika bwinobwino. Koma phula limathera pa msewu waukulu. Mmisiri woitanidwa kukakhoma malata pa sukulu ya kumudzi amapatukira pa msewu wa dothi, ndipo kumbuyo kwa galimoto yake mumakhalabe khasu, cikwanje ndi cingwe.