Exoskeleton: chigoba chovala

Mukagwira nkhanu kumtsinje n'kuigogoda pamsana, chigoba cholimbacho n'chimene asayansi amati exoskeleton. Mawuwa ndi ochokera ku Chigiriki: exo ndi "kunja", skeleton ndi mafupa a thupi. Athu ali m'kati, a nkhanu ali kunja.

Masiku ano dzinali linapatsidwanso makina amene amavala munthu wovulala mitsempha ya m'fupa la msana. Amawamanga ndi malamba m'chiuno ndi m'miyendo, timainjini n'kumapinda mawondo, mwiniyo atagwira ndodo ziwiri. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti Amit Goffer wa ku Israel, amene anapanga makina otere otchedwa ReWalk, analumala ndi manja omwe, moti sakanatha kuyendera makina akewo.

Makinawa salumikiza mitsempha yoduka. Amaimiritsa munthu n'kumuyendetsa.