Kaduwa ka Snowdrop: Kanakhala Liti Mankhwala?

Ku Ulaya nyengo yozizira ikamalowera kumapeto, kuyambira mu Januwale mpaka mu Malichi, mitengo ikadali yopanda masamba ndipo nthaka ili gwaa ndi chisanu, pamatuluka kaduwa koyera kotchedwa snowdrop, kamene akatswiri a zomera amakatcha Galanthus. Ndi kachomera kakafupi, kotalika ngati chikhatho basi. Nsonga za masamba ake n'zolimba moti zimaboola dothi louma ndi kuzizira, ndipo duwa lake limazyolikira pansi, lili ndi timasamba titatu takunja titalitali toyera mbee, ndi titatu tam'kati tatifupi tokhala ndi kadontho kobiriwira kumapeto. Pansi pa nthaka pamakhala kaanyezi kakang'ono, komwe ndi nkhokwe ya chakudya cha chomeracho. Masiku ano olemba za zitsamba ambiri amakonda kunena kuti kaduwaka ndi mankhwala amakedzana, kuti makolo a ku Ulaya ankadziwa kale kuti kamathandiza munthu woiwalaiwala, ndipo madokotala angobwera kudzavomereza. Nkhaniyi imakoma m'makutu, koma umboni umene ulipo suivomereza. Mbiri yotsimikizika ya snowdrop ngati mankhwala sinakwane n'komwe zaka 100, ndipo kaduwaka kanasanduka mankhwala chifukwa anthu anakhala pansi n'kuyeza zimene zili m'kati mwake, kuchuluka kwake ndi mlingo woyenera kumwa. Ngati anthu akumudzi anaikapo nzeru zawo, monga momwe zikuonekera, anawalakwira posalemba bwinobwino zimene ankadziwazo.

Mu 1597 John Gerard wa ku London anatulutsa buku lake lalikulu la zomera lotchedwa Herball, lomwe pafupifupi pa chomera chilichonse limanena matenda amene chimachiza. Anthu a nthawi imeneyo sankaumira pogawira zomera mphamvu, moti ngakhale udzu wa m'mbali mwa njira ankaupezera nthenda yake. Koma pofika pa kaduwa aka ndi abale ake, bukuli limangonena kuti palibe chimene akale kapena anthu a nthawiyo analembapo za mphamvu zake, ndipo kuti anthu amangokasunga m'minda chifukwa cha kukongola. Kukhala chete kotereku n'kolemera, chifukwa kaduwako sikanali kobisika. Carl Linnaeus anakapatsa dzina loti Galanthus nivalis mu 1753. M'zaka za m'ma 1770 kanayamba kulembedwa kuti kakumera kokha kutchire ku England, ndipo kamapezeka kwambiri pa mabwinja a nyumba za amonke ndi kumanda a m'matchalitchi, popeza kamaphuka cha pa 2 Febuluwale, tsiku limene Akhristu amakumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'kachisi n'kudalitsa makandulo. M'madera ena a ku Britain anthu ankati kulowa nako m'nyumba n'kuitana maliro. Pambuyo pa nkhondo ya ku Crimea ya 1853 mpaka 1856, mtundu wa kumeneko wotchedwa Galanthus plicatus unafala m'minda ya ku Britain, ndipo mu 1874 Henry John Elwes anapeza mtundu wina wa maluwa akuluakulu m'mapiri a kufupi ndi mzinda wa Smyrna, womwe lero ndi Izmir ku Turkey. Choncho kwa zaka zoposa 300 kaduwaka kakupezeka m'zolembedwa za minda ya maluwa, za chipembedzo ndi za zikhulupiriro, koma m'zolembedwa za mankhwala a kumadzulo kwa Ulaya dzina lake silimveka kwenikweni.

Otsutsa amathamangira kwa Agiriki. Mu ndakatulo yakale ya Homer yotchedwa Odyssey muli nkhani ya mfiti yaikazi Circe imene inadyetsa anzake a Odysseus mankhwala oiwalitsa kwawo, ndipo Odysseus anapulumuka chifukwa cha chitsamba chotchedwa moly, cha muzu wakuda ndi duwa loyera. Mu 1983 madokotala awiri a matenda a ubongo, Andreas Plaitakis ndi Roger Duvoisin, analemba kuti mwina Circe anagwiritsa ntchito chomera chosokoneza mutu cha Datura stramonium, ndipo moly anali snowdrop, popeza mankhwala a mu snowdrop amalimbanadi ndi poizoni wa mtundu umenewo. Ganizoli ndi la anthu odziwa ntchito yawo, ndipo siloti n'kuliseka. Komabe linabadwa patadutsa zaka 30 chitulukire mankhwalawo, ndiye kuti olembawo anayambira pa yankho n'kubwerera m'mbuyo kukafuna funso. Akatswiri ambiri a zomera amati Datura stramonium kwawo ndi ku America ndipo anafika ku Ulaya pambuyo pa ulendo wa Columbus, ngakhale kuti zomera zina za poizoni wofananayo zinalipo kale m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Chachikulu n'chakuti Theophrastus ndi Dioscorides, Agiriki amene analemba za zomera ndi mankhwala, akamafotokoza moly ankaloza chomera cha mtundu wa adyo wakutchire, ndipo palibe amene analemba kuti asing'anga a ku Greece ankachiza poizoni woiwalitsa ndi snowdrop monga mwambo wodziwika. Maluwa oyera omera pa kaanyezi alipo ambiri ku Greece, ndipo mawu ochepa a m'nthano sangatisankhire limodzi.

Mbiri imene tingaigwire ndi manja ikuyambira ku Soviet Union nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1951 katswiri wa zamankhwala Mikhail Mashkovsky ndi mnzake Kruglikova-Lvova anasonyeza mmene galantamine, mankhwala opezeka m'chomerachi, amagwirira ntchito m'thupi, ndipo mu 1952 Proskurnina ndi Yakovleva anafalitsa lipoti la mmene anawasefera kuchokera mu Galanthus woronowii, mtundu wa m'mapiri a Caucasus. Ntchito yake ili motere. Uthenga ukamachoka mu mtsempha kupita ku mnofu, kapena kuchoka mu selo lina la ubongo kupita ku linzake, umanyamulidwa ndi mankhwala a m'thupi otchedwa acetylcholine. Uthengawo ukangofika, chinthu china chotchedwa acetylcholinesterase chimaphwanya acetylcholine uja kuti njira iyere. Galantamine amachedwetsa kuphwanyako, motero uthenga wofooka umapeza mpata womveka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Dimitar Paskov wa ku Sofia m'dziko la Bulgaria anapeza njira yopangira mankhwalawa ochuluka m'fakitale, ndipo anayamba kugulitsidwa pa dzina loti Nivalin. Madokotala a kum'mawa kwa Ulaya ankawapereka kwa ana opuwala ndi poliyo, kwa odwala matenda ofooketsa minofu, komanso podzutsa minofu ya munthu amene wachitidwa opaleshoni. Amene anaona mantha amene anagwira makolo ku Malawi mu Febuluwale 2022, poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe, angamvetse chifukwa chake mankhwala olimbitsako mwendo wa mwana ankafunidwa chotero. Koma galantamine sankapha kachilombo ka poliyo. Nthendayi inagonja ndi katemera, wa Jonas Salk kuyambira 1955 ndi wa Albert Sabin amene anaperekedwa kwa anthu mamiliyoni ku Soviet Union kuyambira 1959.

Apa m'pamene pali mtsutso wamphamvu kuposa yonse, ndipo uyenera kumvedwa mofatsa. Wina anganene kuti kukhala chete kwa mabuku a ku London sikutiuza kanthu za amayi a m'midzi ya ku Caucasus ndi ku Bulgaria, amene sankalemba mabuku, ndiponso kuti akatswiri aja sakanangodzuka m'mawa n'kuyamba kusinja tianyezi ta maluwa popanda wowanong'oneza. Pali zoona m'menemu. Nkhani zimamvekadi zoti anthu akumudzi ankaphikira ana odwala poliyo madzi a tianyezi timeneti, ndi zoti ena ankadzitikita pachipumi ndi chomerachi mutu ukamawawa. Koma Michael Heinrich ndi Hooi Lee Teoh, atafufuza chiyambi cha mankhwalawa n'kulemba mu magazini ya Journal of Ethnopharmacology mu 2004, anapeza kuti nkhanizi n'zongomva kwa ena, zopanda cholembedwa cha nthawiyo choziikira kumbuyo. Sitingaloze mudzi, sitingatchule mayi amene ankaphika, sitingadziwe ngati ankagwiritsa ntchito masamba kapena kaanyezi, ndi tingati, kwa mwana wa msinkhu wanji, komanso ndi ana angati amene anasanza mpaka kufooka. Ine ndikuona kuti n'zotheka ndithu kuti nzeruyo inalipo, ndipo n'chifukwa chake kutayika kwake kumawawa. Akatswiri amene analemba mosamala kulemera kwa kadontho kalikonse mu labotale sanaone kufunika kolemba dzina la munthu amene anawalozera chomeracho. Ngakhale titavomereza nkhani zonsezi, zikunena za kupuwala ndi kuwawa kwa mutu. Za kuiwala mulibemo.

Kugwirizana kwa snowdrop ndi kukumbukira kunachokera kwina. Mu 1976 Peter Davies ndi A. J. F. Maloney ku Edinburgh anapeza kuti mu ubongo wa anthu omwalira ndi matenda a Alzheimer, maselo ogwiritsa ntchito acetylcholine amakhala atawonongeka kwambiri. Zitadziwika izi, akatswiri anayamba kusakasaka mankhwala osunga acetylcholine wotsalayo, ndipo anakumbukira mankhwala akale a ku Bulgaria aja, omwe amatha kulowa mpaka mu ubongo. Atayesedwa pa odwala mazanamazana, ena akupatsidwa mankhwala enieni ena mapiritsi opanda kanthu, galantamine anavomerezedwa ku Ulaya mu 2000 ndi ku America mu 2001 pa dzina loti Reminyl, limene ku America linasinthidwa mu 2005 kukhala Razadyne chifukwa linkasokonezedwa ndi la mankhwala a shuga otchedwa Amaryl. Kuyezako n'kumene kunatiuzanso malire ake. Sachiza Alzheimer, amangothandiza odwala ena kuti nzeru zisafulumire kutha kwa kanthawi. Wodwala amayamba ndi mamiligalamu 8 patsiku n'kumakwera pang'onopang'ono osapitirira 24, chifukwa akachuluka amachititsa nseru, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Kaanyezi ka kutchire sikanena kuti muli mamiligalamu angati, ndipo mulinso poizoni wina wotchedwa lycorine, moti anthu okadya poganiza kuti ndi anyezi wamba amadwala. Zomera zambiri za m'banja la snowdrop n'zotero. Mbale wake wa kum'mwera kwa Africa, Boophone disticha, asing'anga amamugwiritsa ntchito kuyambira kale, koma chomera chomwecho chinkapakidwanso ku mivi ndipo chaphapo anthu amene anapyola mlingo.

Lero galantamine wa m'zipatala sachokeranso kwenikweni mu snowdrop, chifukwa kaanyezi kake n'kakang'ono ndipo mankhwala ali m'menemo ndi ochepa. Ku Bulgaria anatembenukira ku Leucojum aestivum, ku China amagwiritsa ntchito Lycoris radiata, m'mapiri a Black Mountains ku Wales amalima maluwa a daffodil, ndipo wina amapangidwa m'fakitale popanda chomera chilichonse. Chimene chinaika snowdrop wakutchire pachiswe ndi msika wa maluwa. M'zaka za m'ma 1980 dziko la Turkey linkatumiza kunja tianyezi mamiliyoni ambirimbiri chaka chilichonse, tokumbidwa m'mapiri, tambiri tikulowera ku Netherlands, mpaka mu 1990 mitundu yonse ya Galanthus inaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire. Dziko la Georgia lakhala likuloledwa kugulitsa tianyezi takutchire ta Galanthus woronowii tokwana 15 miliyoni pachaka, mtundu womwe uja umene akatswiri a ku Soviet Union anasefamo mankhwala. Tianyezi timeneti timagulitsidwa m'timapaketi pamtengo wotsika, pamene ku Britain okonda maluwawa amalimbirana mitundu yachilendo: kaanyezi kamodzi ka mtundu wa Golden Fleece kanagulidwa mapaundi 1,390 mu 2015, ndipo ka Golden Tears mapaundi 1,850 mu 2022. Alimi a kumeneko amachulukitsa mtundu wosowa pocheka kaanyezi ndi mpeni wakuthwa m'tizidutswa, kalikonse kali ndi timakoko tiwiri ndi kachigawo ka tsinde la pansi, n'kutiika m'kathumba ka pulasitiki konyowa pang'ono pamalo amdima kwa milungu pafupifupi 12 mpaka timere tiana. Amalemba dzina la amene anapeza mtunduwo, munda umene unapezeka ndi chaka chake. Luso losunga mbiri ya chomera lilipo ndithu, kungoti linagwiritsidwa ntchito pa kukongola kwa duwa, osati pa nzeru za amene ankalidziwa ngati mankhwala.

Ena angati zimenezi n'zakale, ndipo dziko linakonza kale vutoli ndi pangano la Nagoya la mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo limati phindu lochokera ku zomera ndi nzeru za anthu a m'dera ligawidwe mwachilungamo ndi eni ake. Panganolo n'labwino, koma silibwerera m'mbuyo kukafika ku 1951, ndipo ngakhale likanabwerera, likanafuna kudziwa kuti eni akewo ndi ati. Pa nkhani ya galantamine palibe mudzi umene ungaimirire n'kuonetsa pepala. Mabanja a kumadzulo kwa Georgia, m'madera ngati Adjara, amapezadi ndalama kuchokera ku Galanthus woronowii, koma amalipidwa ngati okumba tianyezi ta m'minda ya maluwa ya anthu ena, ndipo pa phindu la mankhwala amene dziko linapeza m'chomera cha kwawo salandirapo kanthu.