Nkhope za pa Mkuwa: Akazembe a Nkhondo m'Buku la Van Dyck

M'chaka cha 1645, mumzinda wa Antwerp, Gillis Hendricx anasindikiza buku la zithunzi 100 za anthu otchuka, lomwe akatswiri amalitcha Iconography. Mwini ntchitoyo, Anthony van Dyck, anali atamwalira kale ku London mu 1641. Iye ankajambula nkhope, ndipo amisiri monga Paulus Pontius, Lucas Vorsterman ndi Pieter de Jode ankazizokota pa mbale zosalala za mkuwa. Inki inkalowa m'mizere yozokotedwayo, pepala lonyowa n'kupanikizidwapo ndi makina. Mbale imodzi inkabala zithunzi mazanamazana, motero nkhope imene kale inkaonedwa ndi alendo a kunyumba yachifumu okha inafika m'manja mwa amalonda ndi ophunzira.

Ena mwa ojambulidwawo anali akazembe a Nkhondo ya Zaka 30, imene inasakaza dziko la Germany kuyambira 1618 mpaka 1648. Chodabwitsa n'chakuti adani anagona m'chikuto chimodzi: Tilly ndi Albrecht von Wallenstein, omwe ankatsogolera magulu ankhondo a Akatolika, ali momwemo pamodzi ndi Gustavus Adolphus, mfumu ya Sweden, yomwe inamenyana nawo mpaka kufera ku Lützen mu 1632. Onsewo avala malaya achitsulo, nkhope zili phee, ndipo mawu a Chilatini a m'munsi akutchula dzina ndi udindo. Chokumbukiridwa apa ndi ulemerero wa munthu, osati zochita zake. Asilikali a Tilly anapululutsa mzinda wa Magdeburg mu 1631, anthu pafupifupi 20,000 n'kufa, koma mawuwo sawerenga maliro.

Nkhani ya Wallenstein ndiyo yoluma kwambiri. Mfumu yaikulu Ferdinand II itamukayikira kuti akuipandukira, inamulanda udindo, ndipo asilikali a mbali yake yomwe anamupha ndi mkondo ku Eger mu February 1634. Komabe pa mbale imene De Jode anazokota, iye akadali mwini dera la Friedland, ndodo yaulamuliro ili m'manja, ngati kuti usiku umenewo sunafike. Ndipo akatswiri a mbiri ya zojambula amati Van Dyck sanaonanepo naye maso ndi maso: nkhopeyo anaitengera pa zithunzi za anthu ena, n'kuikometsera monga ankachitira ndi olemekezeka ena onse.